"KAGULENI KU KEMISITI": NDANI AKAMBIRA OKALAMBA PA NKHANI YA MANKHWALA?

M'nyengo yozizira yapitayi, m'mamawa ndithu, anyamata awiri analowa pa geti ya cipatala akukankha wilibala. M'menemo munali ambuya ao, mai wa zaka zopitirira 70 wa m'komboni ina muno m'tauni. Anawapeza ali gone pakhomo, thukuta lili kamukamu, akukamba zosamveka. Anansi anali atagamula kale kuti ndi sitoloko, ena amvekere ndi za anthu izi. Titawalasa pa cala tinapeza kuti shuga m'magazi yatsika koopsa. Tinawapatsa glucose m'mtsempha, ndipo pasanathe mphindi 10 anatsegula maso n'kufunsa amene wawavula nsapato.

Ndinatuma mdzukulu mmodzi kunyumba kuti akatenge mankhwala onse amene ambuyawo amamwa, osasiyako ngakhale kambewu kamodzi. Anabwera ndi pulasitiki yodzaza ndipo tinaikhuthulira pa tebulo. Munali glibenclamide wa shuga wogula ku kemisiti. Munali nifedipine wa BP wa mapaketi awiri osiyana, wina wa ku kiliniki wina wogula, ndipo ambuyawo anali kumwa onse awiri poganiza kuti wina ndi wa BP wina ndi wa mtima. Munalinso diclofenac ndi Indocid wa pa kantemba, kamba ka maondo, ndi timapiritsi toyera tokulunga m'kapepala kopanda dzina.

"Ambuya, a shugawa anakulemberani ndani?"

"Mwana wanga, ku kiliniki anati a shuga atha, kaguleni ku kemisiti. Kapepala kaja kanatayika, ndiye ndinangouza mnyamata wa m'sitolo kuti ndifuna a shuga."

Dzulo lake anacezera pa maliro. Anamwa piritsi madzulo monga mwa masiku onse, koma nsima sanadye.

"Nanga pamene mankhwala anasowa ku kiliniki, munakadandaula kwa ndani?"

Anaseka. "Makutu a boma ali ku Lusaka. Ine miyendo yanga ithera pa msika."

Yankho limeneli ndilo landicititsa kulemba mlungu uno. M'nyumba zambiri za m'makomboni mwathu, munthu amene amameza mankhwala tsiku ndi tsiku, caka ndi caka, mpaka imfa, ndi wokalamba. Mwana amamwa Coartem masiku 3 n'kuiwalako. Agogo a BP alibe tsiku lomaliza. Koma kumene amakhalirana pansi kugamula za mankhwala amene dziko ligule, aculuke bwanji, apite kuti, mau a agogowa ndiwo amamveka pang'ono koposa onse.

THUPI LA ZAKA 70 SI LA ZAKA 30

Tiyambe ndi thupi lenilenilo. Mankhwala akagwira nchito yao, ciwindi cimawaphwanya ndipo impso zimawataya m'mkodzo. Munthu akamakula, impso zimacepa mphamvu pang'onopang'ono ngakhale asadwale. Motero piritsi limene mnyamata amalitaya msanga limacedwa kucoka m'thupi la nkhalamba, ndipo lina likabwera pamwamba pake mphamvu imaunjikana.

Glibenclamide ndi citsanzo cabwino. Ndi mankhwala akale, ochipa, ndipo athandiza anthu ambiri. Koma amakhalitsa m'magazi, ndipo amapitiriza kutsitsa shuga kaya munthu wadya kaya sanadye. Kwa wokalamba amene amadumphitsa cakudya, kaya kamba ka maliro, kusala kudya ku chalichi, kapena cabe kuti unga watha, zotsatira zake ndi zija tinaona pa wilibala. Ndi cifukwa cake mu 2013 bungwe la WHO, pokonzanso mndandanda wake wa mankhwala ofunika, linaika gliclazide ndipo linalemba poyera kuti glibenclamide si woyenera anthu opitirira zaka 60. Ngati makolo anu ali pa glibenclamide musawaletse nokha. Pitani nao ku kiliniki mukafunse ngati pali wina woyenera msinkhu wao.

Amene amandidetsa nkhawa koposa ndi mankhwala a maondo ndi msana. Diclofenac, Brufen ndi Indocid amathetsadi ululu, palibe angakane. Koma akamwedwa mlungu ndi mlungu amakweza BP, amatopetsa impso, ndiponso amabowola zilonda m'cifu mpaka munthu kucita cimbudzi cakuda ngati phula. Ndiye taonani zimene zimacitika. Ife ku kiliniki tiona BP yakwera, tiwonjeza mapiritsi, osadziwa kuti pansi pa pilo pali paketi ya pa kantemba imene ikukoka cingwe kupita kwina. Wodwala sanatiuze cifukwa sitinamfunse, ndipo sitinamfunse cifukwa panja pali mzere wa anthu ofika ku geti.

Palinso gulu latsopano la okalamba limene aphunzitsi athu ku Chainama, aja anayamba nchito akali kuchedwa ma medical assistant, sanalione pa unyamata wao. Awa ndi anthu amene anayamba ma ARV zaka 20 zapitazo ndipo lero ndi agogo, ali ndi BP ndi shuga monga anzao onse. Piritsi la TLD limene ambiri amamwa lili ndi dolutegravir, amene amakweza mphamvu ya metformin wa shuga m'magazi, cotero mlingo wa metformin uyenera kuonedwanso. Mankhwala oyera aja a kutentha pamtima, monga magnesium trisilicate, pamodzi ndi mapiritsi owonjezera magazi, amagwira dolutegravir m'mimba n'kumulepheretsa kulowa bwino. Pafunika kusiyanitsa maola. Koma kiliniki ya ART ili khomo lina, ya BP ndi shuga khomo lina, makhadi awiri, masiku awiri, ndipo amene adziwa zonse ziwiri ndi wodwala yekha.

MANKHWALA AYENDA BWANJI KUFIKA PA WINDO

Anthu ambiri amaganiza kuti mankhwala akasowa ndiye kuti sisita wabisa. Tiyeni tione njira yake yonse.

Mu 1977 WHO inatulutsa mndandanda woyamba wa mankhwala ofunika, okwana ngati 200, kuti maiko osauka asamwaze ndalama pa mankhwala ambirimbiri koma agule oyenera matenda a anthu ao. Zambia ili ndi mndandanda wakewake pansi pa Unduna wa Zaumoyo, pamodzi ndi buku lotiuza ife a m'zipatala mankhwala oyamba kupereka pa nthenda iliyonse. Cimene sicili pa mndandandawo n'covuta kuti mucipeze pa windo la kiliniki ya boma. Lamulo la 2013 linakhazikitsa ZAMRA, bungwe limene limavomereza mankhwala olowa m'dziko ndi kupereka malaisensi kwa ogulitsa. Lamulo la 2019 linakhazikitsa ZAMMSA, imene mu 2021 inatenga malo a Medical Stores pa nchito yogula, kusunga ndi kugawa. Ili ndi nkhokwe m'zigawo, ndipo imodzi ili konkuno ku Chipata.

Tsono mvetsani apa, cifukwa ndi pamene pagona nkhani. Kiliniki iliyonse imatumiza lipoti la mankhwala amene yagawira anthu ndi amene atsala. Pa manambala amenewa ndi pamene akuluakulu amawerengera zoti atumize mwezi wamawa ndi zoti dziko ligule caka camawa. Ngati metformin anasowa milungu 3 ndipo odwala onse anauzidwa kuti kaguleni, buku lionetsa kuti amene anagawidwa ndi ocepa. Malamulo amati tizilemba masiku amene mankhwala anasowa kuti ciwerengero cikonzedwe, koma si nthawi zonse pamene izi zimacitika bwino. Nanga ambuya aja amene anabwerera kunyumba cete, mwezi wotsatira osabweranso cifukwa anaona kuti n'kutaya ndalama ya minibasi? Iwo m'buku mulibiretu. Kwa munthu wowerenga manambala ku ofesi, wodwala amene wakhala cete amaoneka ngati wodwala amene kulibe.

Ngakhale m'kafukufuku wamkulu okalamba enieni amatsala panja. Mu 2017 Unduna wa Zaumoyo ndi WHO anapima anthu m'dziko lonse ndipo anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu ali ndi BP yokwera. Ciwerengeroco cinathandiza kwambiri. Koma opimidwawo anali a zaka 18 mpaka 69. Amene ali ndi zaka 70 kupita m'tsogolo, amene BP ndi sitoloko zimawagwetsa koposa, sanawerengedwe. Sindikunena kuti wina anacita dala, ndi mmene kafukufuku wa mtundu umenewu amacitikira m'maiko ambiri. Ndikungoti amene sawerengedwa afunika wina womkambira.

Pa pepala, dziko lathu silinaiwale okalamba. Pamene malipiro a m'zipatala anayamba mu 1993, a zaka 65 kupita m'tsogolo anali pakati pa osalipira. Malipirowo anacotsedwa kumidzi mu 2006, ndipo m'makiliniki onse a boma mu 2012. Mu 2015 boma linatulutsa ndondomeko yoona za okalamba. Lamulo la inshuwalansi ya zaumoyo la 2018, limene linabala NHIMA, linaikanso opitirira zaka 65 pakati pa anthu osasonkha. Ngati makolo anu sanalembetse, tengani reji yao mupite nao pa tebulo la NHIMA ku cipatala mukafunse. Zonsezi n'zabwino. Koma kuona dokotala kwaulere n'kutuluka ndi kapepala kokagulira sikutsitsa BP ya munthu.

ZIMENE A HIV ANATIPHUNZITSA

Ena adzati, munthu wamba angasinthe ciani pa nkhani za ku Lusaka? Amene ali ndi zaka ngati zanga akumbukira. Mu 1990 Winstone Zulu anaima poyera n'kunena kuti ali ndi kacirombo ka HIV, woyamba kutero m'dziko muno, pa nthawi imene anthu anali kuopa ngakhale kumwera kapu imodzi ndi wodwala. Mu 1996 anthu okhala ndi kaciromboka anapanga bungwe lao la NZP+. Anaphunzira maina a mankhwala ao, anaphunzira mitengo yake, analowa m'misonkhano imene kale munali madokotala ndi akuluakulu a boma okha. Pofika 2005 ma ARV anali kuperekedwa kwaulere m'zipatala za boma. Inde, ndalama za maiko akunja zinacita mbali yaikulu, ndiponso mitengo inatsika pamene makampani a ku India anayamba kupanga mankhwalawa. Koma odwala akanakhala cete, zinthu sizikanayenda pa liwiro limene zinayendera.

Lero munthu amene akupeza bwino pa ma ARV amalandira a miyezi 3 kapena 6 nthawi imodzi. Akasowa mlungu umodzi wokha, mumamva pa wailesi. Funsani mai wa pa ART dzina la mankhwala ake, akuuzani TLD asanaphethire. Funsani atate a BP, akuuzani kuti "tofiira tuja tating'ono". Ndipo tofiirato tikasowa mwezi wathunthu, palibe wailesi imene imadziwa, cikhalireco BP yosamwera mankhwala imapha mwakacetecete. Siipweteka, siionetsa cizindikiro, mpaka tsiku limene dzanja ndi mwendo zigwa.

Taonanso posacedwapa zimene zimacitika nkhani ya mankhwala ikatuluka poyera. Mu January 2021 kabungwe ka aphungu koona za kagwiritsidwe nchito ka ndalama za boma kanamva umboni wakuti makondomu ndi magolovesi amene analephera kupimidwa anali atagawidwa kale m'zipatala, pa kontirakiti ya madola a ku America 17 miliyoni. Anthu anamvera okha pa wailesi ndi pa TV, dziko linawira, katunduyo anaitanidwa kuti abwezedwe, ndipo Nduna ya Zaumoyo ya nthawiyo inacotsedwa pa udindo mwezi womwewo. Mu May 2025 kazembe wa America, a Michael Gonzales, analengeza kuti dziko lao lidula thandizo la mankhwala la madola 50 miliyoni pa caka kamba ka kuba. Anati anthu ao anayendera makemisiti oposa 2,000 pakati pa 2021 ndi 2023 ndipo anapeza mankhwala oyenera kuperekedwa kwaulere ali pa malonda.

Apa ndiyenera kukamba monga wa m'kati. Mankhwala satuluka okha m'nkhokwe, alibe miyendo. Ena mwa ife ovala zoyera tili ndi mlandu, ndipo zimatipatsa manyazi tonse. Koma wakuba amakhala ndi mtima pamene adziwa kuti wogula sadzafunsa. Mukagulitsidwa paketi yolembedwa kuti ndi ya boma kapena kuti si yogulitsa, dziwani kuti mwagula cimene cinali canu kale.

Kumaiko ena mau a odwala anapatsidwa mpando weniweni. Ku Australia, mwacitsanzo, mabungwe a anthu ogwiritsa nchito zipatala anapanga mgwirizano wao mu 1987, ndipo ndondomeko ya dziko ya mankhwala imene inatuluka mu 1999 n'kukonzedwanso mu 2022 imawawerengera ngati eni ake a nkhaniyo pamodzi ndi boma, madokotala ndi makampani. Kuyambira 2001 kumeneko katswiri wa mankhwala amatha kupita kunyumba kwa wodwala womwa mankhwala ambiri, n'kuona zonse zili m'kabati, ndipo boma ndilo limalipira. Ndalama zao ife tilibe. Koma kukhuthula pulasitiki pa tebulo kamodzi pa miyezi ingapo sikufuna madola.

KUDANDAULA KOMVEKA

Kulalatira sisita pa windo sikubweretsa mankhwala. Iye amagawa zimene zili pa shelefu, ndipo mwina nayenso amai ake akugula ku kemisiti komweko. Dandaulo limene limayenda ndi lolembedwa, lokhala ndi tsiku ndi dzina la mankhwala, ndiponso locokera kwa anthu ambiri pamodzi.

Gulani kabuku ka sukulu. Mdzukulu wodziwa kulemba alembemo dzina la piritsi lililonse monga lalembedwera pa paketi, mlingo wake, ndi nthawi yomwera. Tsiku limene mwapita ku kiliniki n'kuuzidwa kuti kulibe, lembani tsikulo, dzina la mankhwala, ndi ndalama zimene mwagulira. Kabukuka kali ndi nchito ziwiri. Kamateteza agogo kuti asamwe mankhwala amodzi kawiri pa maina awiri, ndiponso ndi umboni. Munthu mmodzi akati mankhwala asowa, amamuyankha kuti abwera. Anthu 30 a komboni imodzi akabwera ndi timabuku toonetsa kuti amlodipine anasowa miyezi iwiri yotsatizana, pamafunika yankho lina.

Mupite nato kuti? Kuyambira pa kusintha kwa zaumoyo kwa m'ma 1990, kiliniki iliyonse ili ndi makomiti a anthu a m'dera, aja timati ma Neighbourhood Health Committee. Anapangidwira nchito yomweyi, kuti anthu azikamba pa kayendetsedwe ka kiliniki yao. Ambiri a iwo lero amakumbukiridwa pa nthawi ya katemera wa ana ndi kugawa maneti cabe. Funsani kuti wapampando wa komiti ya kwanu ndani, ndipo funsani ngati muli munthu wokalamba amene amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku. Ngati mulibe, sankhani mmodzi. Aphunzitsi opuma nchito, akuluakulu a mpingo, amai a cigwirizano, alipo ambiri odziwa kukamba. Kucokera ku komiti nkhani ipite kwa woyang'anira kiliniki, kenaka ku ofesi ya zaumoyo ya boma laling'ono, ndipo kope lipite kwa akhansala ndi aphungu, cifukwa bajeti ya mankhwala imavomerezedwa ku Nyumba ya Malamulo. Alipo mabungwe amene angakweze mau anu, monga Senior Citizens Association of Zambia ndi Diabetes Association of Zambia, koma nao amakamba ndi mphamvu pamene ali ndi anthu kumbuyo.

Ngati vuto lili pa mankhwala enieniwo, monga mapiritsi ofumbutuka, osintha mtundu, opitirira tsiku, kapena munthu watupa ndi kutuluka zidzolo atamwa, nkhani imeneyo ndi ya ZAMRA. M'zipatala muli fomu yolembapo zovuta zotere, ndipo muli ndi ufulu wopempha kuti ilembedwe. Musataye paketi, cifukwa nambala imene ili pamenepo ndiyo imathandiza kulondola gulu lonse la mankhwala oipawo. Sitolo yogulitsa mankhwala iyenera kukhala ndi laisensi, ndipo mungapemphe kuiona. Mankhwala a BP ndi shuga si ogula pa kantemba, ndiponso si oti wogulitsa akusankhireni popanda kapepala ka ku cipatala.

Mukapeza mpata wokamba, mupemphe ciani? Ine ndikanakhala pa mpando umenewo ndikanayamba ndi ici: wokalamba amene BP yake yakhazikika alandire mankhwala a miyezi 3, monga a ART, m'malo mokwera minibasi mwezi ndi mwezi. Ndikanapempha kuti amene ali ndi makhadi awiri aonedwe tsiku limodzi. Ndikanapemphanso za kamvulopu kaja timalembapo "1 x 2" ndi colembera cakutha inki. Munthu wa ng'ala m'maso, amene sanapite ku sukulu, awerenga bwanji? Kujambula dzuwa ndi mwezi, kapena kulemba m'Cinyanja ndi zilembo zikuluzikulu, ndi cinthu cimene komiti ya kiliniki ingagamule mwezi uno osadikira Lusaka.

Zina sangazidziwe munthu amene sakhala nazo. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, malaiti anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Amene amadzibaya nyeleti ya insulin anasowa mtendere, cifukwa botolo losatsegula liyenera kukhala m'firiji pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo siliyenera kuuma ngati ayisi. Ena anataya mabotolo abwinobwino poopa kuti aonongeka, ena anabaya amene anakhala pa dzuwa. Coona n'cakuti botolo limene mwayamba kugwiritsa nchito likhoza kukhala pamalo ozizira bwino, kopanda dzuwa, kwa milungu ngati 4, ndipo mtsuko wadothi wokhala ndi mcenga wonyowa, woikidwa pamthunzi, umathandiza. Uphungu waung'ono ngati umenewu unayenera kumveka pa wailesi iliyonse caka cimeneco. Unafika kwa amene anafunsa okha.

Ambuya aja a pa wilibala tinawagoneka masiku awiri, cifukwa glibenclamide amatha kugwetsanso shuga ngakhale munthu atatsitsimuka. Tinawasinthira mankhwala a shuga, nifedipine tinasiya mmodzi, diclofenac ndi Indocid tinacotsa, ndipo pa maondo tinawapatsa Panadol. Timapiritsi toyera tija topanda dzina tinataya.

Mwezi watha anabwera kudzapimitsa, akuyenda okha ndi ndodo, kabuku kali m'thumba la citenje. Mdzukulu wao wa Giredi 7 ndiye mlembi. Pa tsamba lomaliza panali masiku awiri olembedwa bwinobwino, pambali pake dzina la mankhwala ndi mtengo wa ku kemisiti.

"Awa ndi masiku amene munandiuza kuti kaguleni," anatero. "Anzanga a ku chalichi nao ayamba kulemba, tilipo 11. Komiti ikumana Lacisanu pa kiliniki. Kodi inu a dokotala mudzakhalapo, kapena tikakambe muli kumbali?"

Ndinawauza kuti Lacisanu ndili pa nchito ya usiku, koma masana ndidzafika.